Kuyeza Maatomu Osakhalitsa Kuti Tidziwe Kumene Golide Anachokera

Golide amene anthu amasefa m'mitsinje ya ku Chifunde ndi ku Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndi wakale kuposa dziko lenilenili. Kaboni wa m'malasha a ku Moatize anapangika m'kati mwa nyenyezi pamene maphata (timitima ta pakati pa maatomu) atatu a heliyamu ankaphatikana, koma kuphatikana kotere kumathera pa chitsulo cha ayironi, sikufika pa golide. Phata la atomu ya golide lili ndi mapulotoni 79 (tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi) ndi manyutuloni 118 (tizidutswa topanda mphamvuyo). Kuti golide wambiri apangike pamafunika malo amene manyutuloni achuluka zedi.

Malo otere anaoneka pa 17 Ogasiti 2017, nyenyezi ziwiri zakufa zodzaza ndi manyutuloni zitagundana mu mlalang'amba wa NGC 4993. Pamenepo phata limameza manyutuloni motsatizana lisanapeze mpata wosintha. Likakhuta limadikira mpaka nyutuloni imodzi itasanduka pulotoni n'kutulutsa elekituloni (kachidutswa kopepuka kwambiri ka magetsi), motero phatalo limakhala la mtundu wina, kenako limayambanso kumeza. Kudikirako ndiye nkhani yonse, chifukwa pamene maphata achedwa ndi pamene zinthu zimaunjikana. Tsono maphata amenewa pansi pano kulibe, ambiri sakhalitsa ngakhale sekondi imodzi. Ofuna kuwayeza ayenera kuwapanga okha.

Ku RIKEN, malo ofufuzira za sayansi ku Japan, amathamangitsa maphata a yuraniyamu-238 mpaka liwiro lawo lifike pafupifupi 70 peresenti ya liwiro la kuwala, n'kuwawombetsa pa kachitsulo ka beriliyamu kochindikala mamilimita ochepa chabe. Yuraniyamu imang'ambika n'kutulutsa zidutswa za mitundu mazanamazana. Zofunikazo zimakhala zochepa kwambiri, choncho pamafunika kupeta ngati mmene mayi amapetera mphale pa lichero. Maginito aakulu amakhotetsa njira ya chidutswa chilichonse molingana ndi kulemera ndi mphamvu yake ya magetsi. Pakati pa njira amaikapo aluminiyamu wosemedwa mopendekera, amene amabweza kwambiri liwiro la zidutswa za mapulotoni ambiri, ndipo maginito achiwiri amazipatula. Zotsalazo amaziyeza chimodzichimodzi: nthawi imene chatenga kuchoka pa chipangizo china kufika pa chinzake, ndi mphamvu imene chataya podutsa mu mpweya. Ziwirizi, pamodzi ndi mmene chakhotera, zimauza kuti ichi ndi chiyani.

Pomaliza chidutswacho chimakakamira mu kambale ka silikoni kogawidwa timabwalo ting'onoting'ono. Kompyuta imalemba kabwalo kamene chalowa ndi nthawi yake, n'kudikira elekituloni kuti ituluke pa kabwalo komweko. Akasonkhanitsa nthawi zodikira zambiri amapeza half-life, nthawi imene theka la maphatawo limakhala litasintha.

Apa ndi pamene ntchito imaonongekera, ndipo ine ndimaona kuti gawoli ndi lofunika kulimvetsa kuposa kukula kwa makinawo. Zidutswa zikamalowa mothinana, kabwalo kamodzi kamalandira ziwiri, ndiye elekituloni ya china imawerengedwa ngati ya chinzake. Mankhwala ake n'kuchepetsa zolowa, ngakhale zikutanthauza masiku ambiri pa makina odula. Vuto lachiwiri ndi la ana: phata likasintha, chimene chabadwacho nachonso sichikhazikika, chimatulutsa elekituloni yake pamalo omwewo. Silikoni amaphonya maelekituloni ena, ndiye akaphonya ya kholo n'kugwira ya mwana, nthawi imaoneka yaitali kuposa yeniyeni. Powerengetsa amayenera kuikamo kholo, mwana ndi mdzukulu pamodzi. Chachitatu, phata lolemera nthawi zina limatola elekituloni podutsa mu aluminiyamu uja, n'kukhota ngati la mtundu wina. Amene sanasamale angalengeze kuti wapeza chatsopano pomwe ndi chakale chodziwika. Kachitsulo kowombedwa kaja nakonso kamatentha koopsa, n'chifukwa chake amakapanga ngati gudumu lozungulira kuti moto usagwere malo amodzi.

Maphata ena akasintha amalavulanso nyutuloni, ndipo iyi ilibe mphamvu ya magetsi yoti silikoni aione. Amazunguliza malowo ndi pulasitiki wochindikala kuti aichepetse liwiro, kenako imagwidwa m'mapaipi odzaza mpweya wa heliyamu-3.

Chitsanzo chabwino ndi nikelo-78, wa mapulotoni 28 ndi manyutuloni 50, amene ndi amodzi mwa malo odikirira aja. Mu 2005 asayansi a ku Michigan State University analengeza half-life yake atagwira maphata 11 okha: pafupifupi mamilisekondi 110 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), koma mpata wolakwitsa unali waukulu kwambiri. Nthawiyi inali yaifupi kuposa imene ambiri ankayembekezera, kutanthauza kuti zinthu zimadutsa pamenepo msanga kupita ku zolemera. RIKEN itabwereza ndi maphata ochuluka, zotsatira za mu 2014 zinapereka mamilisekondi 122.