Legeni ya m'mlengalenga

Usiku wapitawu tulo tinandithawa, ndiye ndinangoti ndiwerengeko za aurora, kuwala kobiriwira kuja kumene kumavina kumwamba ku Norway ndi ku Alaska. Abale, nkhani yake ndi yokoma!

Mphepo yochokera kudzuwa (tinthu ting'onoting'ono ta magetsi timene dzuwa limatulutsa) imakoka maginito a dziko lapansili n'kuwatambasula mbali ya usiku, ngati mwana akukoka legeni. Akakokedwa mopyola, mizere yosaoneka ya mphamvu ya maginitowo imaduka n'kulumikizananso, kenako imabwerera mwamphamvu kulunjika kuno. Ma electron, omwenso ndi tinthu ting'onoting'ono ta magetsi, amakankhidwa limodzi nayo, amafika pomwe maginito ndi amphamvu, liwiro lawo n'kukwera. Ena amatsetsereka m'mizereyo mpaka kukagunda mpweya wa oxygen pamtunda wa makilomita oposa 100, kuwala kuja n'kubadwa.

Asayansi amati imeneyi ndi substorm. Wasayansi wina, Syun-Ichi Akasofu, anaifotokoza mu 1964. Ma satellite asanu a NASA otchedwa THEMIS, omwe anaulutsidwa mu 2007, anaonetsa mu 2008 kuti legeniyo imadukira kutali, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a ulendo wa kumwezi.

Mu Meyi 2024 kuwalaku kunaoneka mpaka ku South Africa. Inu a ku Cape, munaona kapena munali m'bulangete?