Zikomo nonse, koma makamaka mayi a kaundula wa m'jumbo

Zatheka abale anga. Lachinayi aphunzitsi atatu aja anandipanikiza ndi mafunso maola awiri, anandiuza kuti ndiyambe ndatuluka, ndipo atandiitananso anandigwira chanza. Digiri yachiwiri ya jogalafe ija yatha. Ndikulemba ndili pamkeka kwa amayi kuno ku Kasungu, thupi likuphwanya ngati ndagona m'munda. Ambuye Mulungu, ulemu ndi wanu, ine ndinali nditataya kale mtima.

Za laputopu yomwe inabedwa ndi ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri, za malungo omwe anandigoneka ine wofufuza malungo yemwe, za fizi, mukuzidziwa. Sindibwereza. Amayi, mbuzi zija ndibweza. Achemwali, mtedza wanu ndi womwe unagula laputopu yachiwiri. Anzanga a kwaya, aphunzitsi anga oyang'anira kafukufuku omwe ankayankha uthenga ngakhale pakati pa usiku, zikomo.

Koma alipo mayi amodzi, mlangizi wa zaumoyo wa kudera lomwe ndinkagwirako ntchito, cha kufupi ndi Bua. Dzina sinditchula, anandiletsa okha. Popanda iwo bwenzi pano ndikungoonetsa mapu okongola opanda kanthu.

Ndinapita kumeneko ndi matama a kusukulu. Funso langa linali lakuti kutha kwa mitengo ndi kusintha kwa madambo kukukhudza bwanji komwe malungo amabuka. Ndinali ndi zithunzi za satelaiti za Landsat zoonetsa mmene nkhalango yathera chifukwa cha minda ya fodya, zigafa, makala ndi mauvuni a njerwa. Ndinkanyadiranso kuti kwathu kuno ndi komwe boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserako ma drone mu 2017, ndiye ndinkaona ngati chilichonse chimaoneka uli kumwamba. Tsiku loyamba ndinawayalira mapu anga pabenchi. Anayang'ana, kenako anati, "Mwana wanga, nanga maenje a njerwa a kuseri kwa tchalitchi ali pati apa?" Panalibe. Kadontho kamodzi ka chithunzi cha Landsat kamaphimba malo a mamita 30 mbali zonse, ndiye dzenje la njerwa, chitsime cha m'dimba, mapondedwe a ng'ombe m'matope, zonsezo sizioneka. Chonsecho udzudzu umaswana momwemo.

M'mawa mwake anandikweza pakaliyala ya njinga yawo. Tinafika pachitsime cha m'dimba la tomato mwezi wa Seputembala, dzuwa lili phwee, fumbi lokhalokha. Anatunga madzi ndi kapu yoyera n'kundiuza kuti ndigwade. Timphutsi tina tinali lende, mutu pansi. Tina tinagona chopingasa pamwamba penipeni pa madzi. "Togona ito ndiye ta malungo," anatero. Ndinaziwerengapo m'buku kuti mphutsi za Anopheles, udzudzu wofalitsa malungo, zimagona choncho, koma ndinali ndisanazionepo ndi maso. Pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri timakhala tauluka. Apo m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chake midzi ya m'mbali mwa dambo imadwalabe m'chilimwe pomwe ya kumtunda yapuma.

Ndiye kaundula wawo uja. Buku lachikuto cholimba, masamba atafufuma ndi mvula, lokulungidwa m'jumbo ya shuga. Mwana aliyense wosakwana zaka zisanu yemwe anamuyeza malungo, mudzi wake, tsiku lake, ngati analandira LA kapena anamutumiza kuchipatala. Ziwerengero zikamafika mu DHIS2, nkhokwe ya pakompyuta yomwe unduna wa zaumoyo umasungamo ziwerengero, zimakhala zaphatikizidwa kale pamodzi, sungadziwe kuti odwala akuchokera mbali iti ya dambo. M'buku lawo zinalimo. Chilolezo cha kafukufuku chitatuluka tinakhala pakhonde pawo masabata angapo, iwo akuwerenga mudzi ndi mwezi, mayina a ana ataphimba ndi chikhatho, ine ndikulemba. Laputopu itabedwa ndinawaimbira ndikulira ngati mwana. Anangoti, "Buku lilipo, miyendo ilipo. Bwera Lolemba." Tinayambiranso. Sanandipemphepo ngakhale ya sopo, m'malo mwake ndinkadya nsima ya nkhwani wotendera pakhomo pawo.

Aphunzitsi anandifunsa kuti kafukufukuyu wathandiza ndani. Sindinanene zazikulu. Ndinati mapu omwe tinajambula ndi GPS ali pakhoma pomwe mayiwa amapangira sikelo. Ndinati titawaonetsa kwa a gulupu ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, anyamata anakwirira maenje a kuseri kwa tchalitchi aja, ndipo anagwirizana kuti woumba njerwa azikwirira yekha akamaliza. Ndinatinso mayiwa tsopano amayambira midzi ya kudambo akamayendera za maneti. Ngati odwala achepa, tidzaona m'kaundula mvula ikadutsa kawiri katatu, sindikufuna kunama. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa kuti nkhani ikachedwa kuchoka kumudzi, maliro ndi omwe amakafika msanga kuboma.

Kwa aja munkati jogalafe ndi yoloweza mayina a mitsinje basi, ndakumvani. Kwa aja foni inkangoitana osayankha nthawi ya fizi, koma kuyambira Lachinayi mwayamba kunditchula kuti bwana, nambala yanga sinasinthe, ndi yomwe ija. Sindikusunga mangawa, kungoti ndatopa.

Mayi a kaundula, ndikudziwa kuti Facebook simuidziwa, koma mwana wanu wamkazi akuwerengerani. Mulungu akudalitseni, akupatseni mphamvu m'mawondo amenewo. Loweruka ndikubwera ndi buku lonse losindikiza, tsamba lachitatu muli inu. Ndatenganso matayala awiri ndi tcheni cha njinga ija, ndipo ulendo uno musakane.