Chiperoni pa Likhubula, ife tili ndi mapu m'manja

Loweruka, Julayi.

Chiperoni chinalowa Lachinayi usiku ndipo mpaka pano sichinasunthe. Nditasuzumira panja m'bandakucha, phiri la Mulanje kunalibe. Amene sanakhaleko kuno angayese ndikucheza, koma Chambe, thanthwe lija umaliona uli kutali pamsewu wa ku Phalombe, limangofufutika lonse, n'kutsala chifunga choti mbuu ndi mvula yamawawa. Ndiye lero lomwelo ndi lomwe tinaika mpikisano wa orienteering wa ana a kalabu yathu ya zachilengedwe pamodzi ndi anzawo a sukulu ziwiri zoyandikana nafe.

Kwa amene simunawaonepo masewerawa, mwana amapatsidwa mapu ndi kampasi basi. Pamapupo pamakhala chizindikiro cha ngodya zitatu poyambira, timizere tozungulira pamalo pomwe tapachika mbendera, ndi zozungulira ziwiri, china mkati mwa chinzake, pomalizira. Njira asankhe yekha. Mbendera yake ndi ya mbali zitatu, mbali iliyonse masentimita 30 uku ndi uku, theka loyera theka la olenji. Zathu anatisokera telala wina wa pa Chitakale, yemwe mpaka lero amakhulupirira kuti ndi zophimbira nyali.

Foni yoyamba inali ya a hedi, nthawi isanakwane n'komwe 5 koloko. “Aphunzitsi, mwaona kunjaku? Ana a eni aketu awa.” Ndinawauza kuti andipatse ola limodzi ndikaone mtsinje. Yachiwiri inali ya mnzanga wa zamasewero, amene maganizo ake anali ena: lole talipira kale, ufa ndi shuga tagula, ndiye tipite basi monga tinakonzera. Iyeyu anawerenga mbiri ya masewerawa ndipo amaikonda. Anandikumbutsa kuti anayamba ndi asilikali a ku Sweden kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kuti mpikisano woyamba wa anthu wamba unachitikira ku Norway mu 1897, ndi kuti anthu akumeneko amathamanga mvula ikugwa, chisanu chili tsoo. Zoona zimenezo. Koma mwana wa ku Norway amabwera ndi jekete losalowa madzi ndi nsapato za mano kunsi. Wathu amabwera ndi tisheti ya thonje, wina masilipasi.

Chomwe chatithandiza lero n'chakuti mkanganowu tinaudula kale mwezi watha, kunja kuli ngwee. A Zanyengo amachenjeza chaka ndi chaka kuti miyezi ino mphepo ya mwera imabweretsa chinyontho kuchokera ku nyanja ya mchere kudzera ku Mozambique, chikagunda phiri n'kukwera n'kusanduka chifunga ndi mvula. Choncho tinajambula njira ziwiri. Yoyamba inkakwera cha ku njira ya Chapaluka, kulunjika ku Dziwe la Nkhalamba, ndipo mbendera zinayi zinali kutsidya kwa mtsinje. Yachiwiri yonse inali kumunsi, pakati pa mtsinje ndi msewu. Tinalembanso papepala, tonse n'kusainira, zomwe zikachitika sitikambirananso: kukamveka bingu, palibe mpikisano, madzi akakwirira mwala womwe timawolokerapo, palibe wopita kutsidya, munthu akalephera kuona mnzake ataima mapazi 50 kuchokera pomwe ali, ana salowa m'nkhalango. Ine ndimaona kuti zoterezi n'zofunika kuzilemba ndalama zisanatuluke m'thumba, chifukwa munthu amene walipira kale lole mtsinje amauona wochepa.

Komanso mawu omaliza sitinadzipatse tokha. M'masewerawa wojambula njira amakhala wina, woyendetsa tsiku wina, ndiye pamakhalanso wachitatu woyang'anira, amene angathe kukana zomwe awiriwo akonda. Udindo umenewu tinaupereka kwa bambo wina wachikulire wa pa Likhubula pomwepo, amene wakhala akunyamula katundu ndi kuperekeza alendo m'phirimu kuyambira ali mnyamata. Tonse timangowatchula kuti Madala.

Ndinawapeza atafika kale pamtsinje, atafunda thumba la feteleza kumutu. Sanandipatse moni wautali. Anangoloza ndi ndodo. Madzi a Likhubula masiku onse amakhala oyera, mchenga pansi kuoneka. Lero anali ofiirira, atasenza masamba ndi timitengo, ndipo mwala wathu uja unkangoonekera nsonga.

“Aphunzitsi, madzi awa si a mvula yakuno iyi. Agwa kumtunda usiku. Akubwerabe ena.”

“Ndiye pofika 10 koloko sangaphwere, Madala?”

“Angaphwere mawa. Lero ayi.”

Izi n'zomwe alendo ambiri sazimvetsa. Kumunsi kuno kukhoza kumangowaza, koma pamwamba paja, pa Chambe ndi pa Lichenya, mvula ikukhuthuka pathanthwe losamwa madzi, ndipo onsewo alibe kwina kolowera koma m'makhwawa omwewa. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa. Nkhani ya kutsidya inathera pomwepo. Koma bingu kunalibe, chiperoni sichibwera ndi ziphaliwali kawirikawiri, ndipo titayesa mapazi 50 aja ndinkawaonabe Madala, ngakhale mwa chizimezime. Ndinaimbira a hedi: tichita, koma kumunsi kokha.

Ana anabwera 36 mwa 48 omwe analembetsa. Makolo ena anakaniza, ndipo sindikuwadandaula. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kukokolola midzi kuno ndi ku Phalombe, mayi wakuno akamva zoti mwana akupita kuphiri mvula ikugwa, mtima umamuthawa. Ukhoza kumufotokozera kuti chiperoni si napolo, koma sungamuumirize.

Tinasinthanso kachitidwe kake. Poyamba tinkafuna kuti azinyamuka awiriawiri, kusiyana mphindi ziwiri, aliyense atsate mbendera mwa ndondomeko yake. Nyengo ikakhala bwino zimenezo n'zabwino, chifukwa satsatana. Koma lero zikanatanthauza kuti omaliza aime pamphepo nthawi yaitali akudikira, ndipo sitikanadziwa kuti wochedwa tiyambe kumudera nkhawa liti. Ndiye tinatenga kachitidwe kena: onse anyamuke nthawi imodzi, atatuatatu, apeze mbendera zomwe angathe m'dongosolo lomwe akonda, koma pakatha mphindi 60 akhale atabwerera. Mbendera yakutali mapointi ambiri, yapafupi ochepa, ndipo mphindi iliyonse yochedwa ikudya mapointi. Ubwino wake, 11 koloko ikakwana ukudziwa kuti aliyense ayenera kukhala pamaso pako.

Ntchito inachuluka pa mapu. Mapu aboma a 1:50,000 sangathandize pamasewerawa, mwala ndi kakhwawa sizioneka, ndiye athu tinajambula tokha pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya OpenOrienteering Mapper, pa 1:5,000, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mamita 50 pansi. Tinasindikiza pa makina a laser, chifukwa inki ya printa wamba ikangolawa dontho imayenderera, mtsinje ndi njira n'kukhala chimodzi. Aliwonse tinawalowetsa m'jumbo yoonekera mkati n'kumata ndi selotepi. Koma tisanamate, tinakhala pansi aphunzitsi anayi kukhwatcha ndi cholembera chofiira mbendera zinayi zakutsidya zija, pepala ndi pepala. Mabolopeni tinawalanda onse n'kugawa mapensulo, poti papepala lachinyontho bolopeni imakana koma pensulo imalemba. Pambendera iliyonse pali zilembo ziwiri zoti akopere, umboni wakuti anafikadi.

Kenako chipikisheni cha zovala. Wa masilipasi sanalowe. Atatu anabwerekana nsapato ndi anzawo osapikisana otsala pamoto. Matumba a feteleza omwe tinatolera sabata yonse tinawaboola pamutu ndi m'manja, aliyense n'kuvala pamwamba pa juzi. Anyamata a Fomu 4 anayamba kunyinyirika kuti akuoneka ngati akukathyola tiyi. Madala anawayang'ana n'kunena kuti othyola tiyiwo ndiwo amaidziwa mvula yakuno kuposa aliyense, ndipo nkhani inatha.

Mdani weniweni pa tsiku ngati lero si chifunga, ndi kuzizira. Sipafunika kuti madzi achite kuundana. Chovala chathonje chikanyowa, mphepo n'kumaomba, thupi limataya kutentha msanga kuposa momwe likupangira. Munthu amayamba ndi kunjenjemera, kenako kupunthwa pena paliponse, mawu kulemera, nzeru kusokonekera, ndipo choopsa n'chakuti mwini wake sazindikira. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anasochera nyengo ngati yomweyi cha ku Sapitwa, pamwamba penipeni pa mamita 3,002, ndipo chinamupha ndi chisanu. Ife tinali kutali ndi kumeneko, koma ndinawauza anawo kuti aliyense aziyang'ana mnzake: wolongolola akangoti zii, mubwere naye. Gulu lililonse linalandira wezulo. Mukavulala kapena kusokonezeka kwenikweni, imbani kasanu ndi kamodzi, dikirani mphindi, imbaninso. Ndipo lamulo lalikulu ndinawabwerezetsa mokweza katatu: mukasochera, ikani kampasi kumadzulo, tsikani, mukafika pamsewu. Ngakhale mutatopa n'kusiya, musapite kwanu musanadzalembetse kuti mwatuluka.

10 koloko yeniyeni anabalalika. Ndinaika mphunzitsi mmodzi powolokera paja kuti wina asakopeke ndi mbendera zakutsidya, zomwe tinapachika dzulo madzi ali ochepa, wina pamphambano ya njira yokwera, ine n'kukaima pafupi ndi mwala waukulu pomwe panali mbendera ya mapointi ambiri.

Apa ndiye ndinaona zomwe sindinazionepo pa tsiku la dzuwa. Ana akuno akamathamanga kuli ngwee sawerenga mapu. Amangokweza maso, aona Chambe, adziwa komwe ali. Lero Chambe anawathawa. Anyamata othamanga kwambiri aja ndinkangowamva akudutsa chakumunsi, phazi thi thi thi, kubwerera, kudutsanso, mbendera ili mamita 30 okha kuchokera pomwe ankapita. Patapita nthawi ndinamva mawu a atsikana atatu a Fomu 2, anthu osaoneka.

“Iwe, tembenuza mapuwo kaye. Muvi wofiira uloze kumutu kwa pepala.”

“Waloza kale.”

“Chotsa foniyo pafupi ndi kampasi, ikunamiza.”

“Chabwino. Kuchokera pamphambano paja ndi masentimita atatu.”

“Ndiye mamita 150. Ndawerenga mapazi, tatsala pang'ono. Mwalawo ukhale kumanja.”

Anatulukira m'chifungamo molunjika, matumba a feteleza ali chonyowa, mmodzi akuwerengabe chapansipansi. Sanandipatse n'komwe moni. Anakopera zilembo, natembenuza mapu, n'kuzimiriranso. Kuwerenga mapazi kumeneku tinaphunzira pabwalo la mpira, aliyense kudziwa kuti mamita 100 amamutengera mapazi angati, ndipo ambiri ankakuona ngati chibwana.

Pokwana 11 koloko magulu 11 anali atalowa. Limodzi ayi. Mnzanga wa zamasewero, yemwe m'mawa uja ankati tipite basi, ndiye anali woyamba kufuna kuthamangira m'nkhalango. Madala anamugwira mkono. “Achimwene, mukalowa nokha tikhala tikufuna anthu anayi.” Zofufuza nazo tinali titapangana kale: tidikire mphindi 15, tifunse magulu ena komwe anawaona komaliza, kenako tilowe awiriawiri, wina atsale ndi kaundula. Tinaimba wezulo, tinamvetsera. Kunali mtsinje wokha. Mphindi zimenezo sindikufuna kuzikumbukira kwambiri.

Anatulukira kumbuyo kwathu, kuchokera kumsewu, atachedwa mphindi 12, akudya nzimbe. Ati anataya njira pafupi ndi kakhwawa kena, anakangana pang'ono, kenako wamng'ono pa onsewo anakumbutsa za kumadzulo. Anatsika mpaka pamsewu, mayi wina wogulitsa nzimbe anawalozera kobwerera n'kuwapatsa yaulere. Mapointi awo onse anadyeka ndi kuchedwa, koma ine ndinawagwira chanza mmodzimmodzi.

Mtsikana mmodzi wa gulu lina ndiye anatidetsa nkhawa. Anakhala phee pakona, milomo itachita bii, kapu ikumugwedezeka m'manja. Amayi otiphikira anamuzindikira ife tisanaone. Anamutengera kuseri, kumuvula zonyowa, kumukulunga zitenje ziwiri ndi bulangete, kumutu komwe, n'kumupatsa tiyi wa shuga wambiri pang'onopang'ono, anzake awiri atamukhalira mbali ndi mbali. Pasanathe ola anali akudya mbatata n'kumatsutsa zoti gulu lawo linaphonya mbendera yachitatu.

Opambana ndi atsikana a Fomu 2 aja. Anyamata a Fomu 4 akuti chifunga chinawabera, ndipo akufuna chibwereza.

M'lole pobwerera nkhani inali ya tsiku la chaka chamawa. Anzanga akuti tisamutsire ku Seputembala, kukauma. Ndikuwamva, ngakhale kumeneko kuli mavuto akenso, kutentha ndi moto wolusa m'tchire. Ine ndikuti tichite iwiri: wa Seputembala ukwere kumtunda, koma wa nyengo ino usafe, ukhale wakumunsi ngati walero. Mpikisano wa liwiro wa Porters' Race nawo umachitika mwezi uno womwe, anthu n'kukwera phirili, ndiye si zachilendo kuno kuthamanga m'chisanu. Sitinagwirizane. Tikakambirana Lolemba ndikakapereka lipoti kwa a hedi, pamodzi ndi nkhani ya mawezulo, poti asanu anali obwereka.

Mbendera zinayi zija zikadali kutsidya. Madala ati ndisayerekeze mawa m'mawa; akaona mwala uja wauma pamwamba, andiimbira.