Tinagona m'matenti ku Cape Maclear

Lachisanu lapitali kampani yathu inatitengera ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, pamodzi ndi mabanja athu, ndipo tinagona m'matenti masiku awiri m'mphepete mwa nyanja, pafupi ndi mudzi wa Chembe. Ndinanyamuka ndili ndi chikayiko, poganiza kuti akatikhazika pansi pa mtengo n'kuyamba kutiwerengera malipoti, koma zimenezo sizinachitike.

Chimene sindidzaiwala ndi Loweruka m'mawa, pamene tinakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Mwana wanga wamkazi anamiza dzanja m'madzi atafumbata kachidutswa ka buledi, ndipo nsomba zing'onozing'ono zotchedwa mbuna, zabuluu ndi zachikasu, zinamuunjirira mpaka anakuwa ndi chimwemwe. Wotiperekeza anatifotokozera kuti malowa ali mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi. N'chifukwa chake kuwedza pafupi ndi zilumba za kumaloku n'koletsedwa.

Usiku mwera unawomba mwamphamvu moti zikhomo za tenti ya abwana athu zinazuka, ndipo amene anadzuka ndi tochi kukawathandiza kuikhomanso anali alonda ndi amesenjala, anthu amene ku ofesi amangopatsana nawo moni podutsa. Dandaulo langa n'lakuti okonza ulendowu sanaganizire mabanja okhala ndi makanda. Chaka chamawa awapezere zipinda ngakhale ziwiri, komanso maneti a udzudzu okwanira aliyense.