Bango Timagulitsa, Mbalame Zimabwera Zokha

Nazale yathu ili kuseri kwa nyumba ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, koma musayembekezere maluwa a pakhomo. Muli bango, mlulu ndi gumbwa m'machubu akuda, zoimikidwa m'mabeseni a madzi. Titangoyamba, anzathu a kutchalitchi ankaseka: “Achimwene, mpaka kugulitsa udzu wa kudambo?”

Nzeruyi inachokera kwa mlongo wanga amene ndi namwino ku Chichester, ku England. Ananditumizira pa WhatsApp zithunzi za malo otchedwa Medmerry. Kumeneko mu 2013 anagumula dala chiunda cha miyala chotchinga nyanja, atamanga kaye khoma ladothi la makilomita 7 chakumtunda. Madzi amchere analowa m'minda, ndipo mahekitala oposa 180 anasanduka matope ndi dambo. Ankabweza malo odyera mbalame amene akutha m'dera la Solent, m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England, komwe madzi akukwera koma makoma sasuntha, dambo n'kupanikizika pakati. Ndinawerenga uthengawo kangapo. Boma kulolera kuti munda umire, kuti mbalame ipeze pokatera!

Kuno tilibe nyanja yamchere, koma Harare anakhala pamadambo. Madzi a m'mipope yathu amayambira m'madambo ngati la Monavale, n'kutsika ndi mitsinje ya Marimba ndi Mukuvisi kukafika ku damu la Chivero. Lamulo limaletsa kusokoneza dambo popanda chilolezo cha EMA, bungwe la boma loona zachilengedwe, ndiye amene auzidwa kuti akonze pomwe anawononga amasowa kogula mbewu zake. Ife tinalowera pamenepo.

Ntchito yoyamba yaikulu inatiphunzitsa zowawa. Bwana wina womanga nyumba anagula machubu 800 kuti “abweze” dambo lomwe anakwirira. Malo amene anatiloza anali chitunda cha zidutswa za njerwa. Ine, poona ndalama, sindinatsutse. Tinabzala, iwo anathirira ndi bauza (galimoto ya thanki ya madzi) sabata ziwiri, anajambula zithunzi, basi. Pofika Okutobala bango lonse linali litauma ngati nsatsi. Mayi a kunyumba sanandilankhule bwino mwezi wonse, poti ndiwo anagawa mizu ija ndi manja awo, chala chitachekeka ndi tsamba la bango.

Kuyambira pamenepo sindibzala ndisanakumbe. Ndimakumba dzenje lofika m'chiuno m'chilimwe. Likatuluka dothi lakuda lomata, ndipo mawa lake pansi pali chinyezi, tikambirana mtengo. Apo ayi, ndimabwerera ndi wilibala yanga. Komanso choyamba n'kutseka ngalande zimene anakumba kuti aumitse malowo, chifukwa madzi akabwerera, theka la udzu limamera lokha. Kunena zoona, zimenezi zimandichepetsera malonda.

Pamalo ena kufupi ndi Marimba, achule anayamba kulira chaka choyamba, akakowa anatera chaka chachitatu. Mwini wake amandiimbirabe foni kufunsa kuti timbalame tobisala mu udzu, tija anthu amadzaonera ku Monavale nthawi ya dzinja, tidzafika liti. Ndimawauza kuti ayambe aletsa anyamata awo kutchetcha.