Nsengwa inatsogola, ife osadziwa

Za Lolemba ndi Lachiwiri ndilibe zambiri. Azamba tinali awiri pa shifiti yofunika anayi, magolovesi ochita kuwerenga, koma amayi onse amene tinawachiritsa anatuluka ndi ana awo m'manja. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi usiku wa Lachitatu, chifukwa mpaka lero mtima wanga sunakhale m'malo.

Cha m'ma 11 koloko anabwera nawo mayi wa zaka 41, mimba yachisanu, ya masabata 34. Nsalu imene anadzitchinjiriza nayo inali itanyoweratu, magazi ofiira psuu akutsetserekera ku zidendene. Ndinawafunsa ngati akumva kupweteka. "Ayi anamwino, ndangodzidzimuka pogona ponse panyowa." Mimba inali yofewa, mwana atagona chopingasa, kamtima kake kakugunda bwino. Kunsi kwa mchombo kunali chipsera, ndipo buku la sikelo linkasonyeza kuti anachira kawiri pa opaleshoni. Azamba anzanga mwadziwa kale chimene chinabwera m'mutu mwanga. Nsengwa, ija imadyetsa mwana m'mimba, ikamatuka nthawi isanakwane mayi amabuula, mimba imauma gwa, magazi amakhala oderako. Apa nsengwa inali itatsogola, yakhala pakhomo pa chiberekero.

Wophunzira amene ndinali naye anali atavala kale golovesi kuti apime njira. Ndinamugwira mkono mwamphamvu moti m'mawa ndinachita kumupepesa. Mimba ikafika kumapeto, magazi opitirira theka la lita amadutsa m'chiberekero pa mphindi imodzi yokha. Chala chimodzi pansengwa yotero, mayi uja tikanamutayira pabedi pomwepo.

Tinaika madilipi awiri, kutumiza magazi ku labu, kuitana adokotala. A ku labu anati magazi a gulu la mayiwo alipo mapaketi awiri basi. Ku fiyeta mwana sanavute, kamtsikana ka makilogalamu 2.1, kanalira kenako n'kupita ku nazale. Zinavuta ndi nsengwa. Inali itamera m'chipsera chakale, yakanirira mu mnofu wa chiberekero, ndipo mukudziwa kuti chigawo cha m'munsi sichikhwinyata ngati cha kumtunda. Tinapereka oxytocin wokhwinyatitsa chiberekero, tinapereka tranexamic acid wochepetsa kutaya magazi, magazi akungotuluka. Adokotala anandiyang'ana n'kunena kuti, "Asisita, pitani kwa bambo aja, chiberekero tikuchotsa." Bambowo ndinawapeza atakhala pansi m'khonde, atagwira sikono za mkazi wawo. Anasaina dzanja likunjenjemera, funso lawo linali limodzi lokha, ngati mayi adzuke.

Mapaketi awiri aja anatha opaleshoni ili mkati. Paketi lachitatu linachokera kuchipatala china, linafika 4 koloko m'bandakucha. Maola onsewo ndinaima pamutu pa mayiwo ndikuwerenga BP, milomo yawo itayera ngati pepala. Anapulumuka.

Chimene chinandipsetsa mtima chinadza Lachinayi pa msonkhano wa m'mawa. Titafotokoza nkhaniyi, mkulu wina anati, "Koma pa msinkhu umenewu amafunanso mimba ya chiyani?" Ndinatsegula buku lawo la sikelo n'kuliika patebulo. Mayiwa anabwera kanayi, sanaphonye tsiku ngakhale limodzi. Ulendo woyamba womwe mzamba analemba zaka zawo ndi zipsera ziwiri, n'kulemba kuti apite ku sikani. Maulendo onse anayi mawuwo alimo. Sikaniyo sinachitike chifukwa makina athu anawonongeka miyezi yapitayo, ndipo kalata zopempha kuti akonzedwe zikungogona mu ofesi.

Sindikukana za msinkhu. Mayi akapitirira zaka 35 chiopsezo chimakwera, cha nsengwa kutsogola, cha kumatuka msanga, cha BP, cha shuga wa pa mimba. Akakhala kuti wabereka kangapo ndiponso ali ndi zipsera za opaleshoni, nsengwa yotsogola imatha kumera pachipserapo, ndipo chiopsezocho chimakula ndi opaleshoni iliyonse. N'chifukwa chake timalemba zaka patsamba loyamba, kuti mayi wotero timuyang'anitsitse kuposa ena. Akanaunikidwa pa masabata 20 tikanaona kuti nsengwa ili m'munsi. Zambiri zotero zimakwera zokha mimba ikamakula, ndiye tikanabwereza pa masabata 32. Tikanapeza kuti iyi sinasunthe, tikanawagoneka, kusungiratu magazi okwanira, kuwakonzekeretsa iwo ndi amuna awo za chiberekero, ndi kuchita opaleshoni masana dokotala wamkulu alipo. Zonsezi tinazitaya chifukwa cha makina amodzi, kenako mlandu n'kuupachika pa zaka za mayi. Mkulu uja sanayankhe, anangoti tipite ku nkhani yotsatira.

Lachisanu linadutsa ndi ntchito za masiku onse, mapasa amodzi, mayi mmodzi wa BP yokwera amene tinamugwira nthawi yabwino. Ndisanaweruke ndinakawaona mayi aja. Anali atakhala tsonga, akufinyira mkaka m'kakapu kuti upite ku nazale. Anandigwira yunifolomu n'kufunsa chapansipansi, "Anamwino, kodi ndinachedwa kubwera?" Ndinawauza kuti ayi mayi, inu munabwera kanayi.

Mawa ndilowa usiku. M'wodi muli mayi wina wa zaka 38 wa chipsera chimodzi, nayenso sanaunikidwe. Ndamulembera kalata yokaunikidwa kuchipatala china, ndipo ndauza a ambulansi kuti akapanda kumutenga m'mawa ndidzawatsatira ndekha.