Usiku umene tinathyola dzino la mphwanga ndi supuni

Nkhani iyi ndakhala nayo m'mimba kwa miyezi, mwini wake ndi amene wandiuza kuti achimwene lembani bola dzina langa lisatuluke, ndiye ndizingoti mphwanga ngakhale si wa bere limodzi, tinangokumana konkuno ku Joni. Timagona chipinda chimodzi ku Rosettenville anthu atatu, lendi timagawana, iye amagwira ya m'gadeni cha ku Randburg.

Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa kuja kolowa mpaka m'mafupa, tayatsa hitala ya palafini tikudikira madzi a nsima atenthe. Mphwanga anangokuwa kamodzi, thupi lonse gwa, khu pansi, n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa maso atatembenuzika, mwendo uli pafupi ndi hitala. Mnzathu wachitatu uja liwiro la panja, akuti wa khunyu akaphwisa iwe n'kununkhiza basi watengera. Mayi ena oyandikana nafe anabwera ndi supuni akuti timulowetse m'kamwa angameze lilime, ndipo ine pano ndisaname, ndi amene ndinagwira nsagwada n'kukanula ndi mphamvu. Dzino lakutsogolo linabenthuka. Mpaka lero akamaseka ndimaona ntchito ya manja anga.

M'mawa mwake ndi pamene anaulula. Ali mwana anadwala malungo aakulu aja ofika ku ubongo, anakomoka masiku angapo, atachira kugwa kunayamba. Kumudzi ankalandira mankhwala a khunyu otchedwa phenobarbitone ku chipatala chaching'ono ndipo ankatha chaka osagwa. Atabwera kuno mayi ake ndi amene ankakamutengera mankhwalawo n'kupatsira matransipota pamodzi ndi usipa ndi ufa, ndiye ulendo uno katundu anachedwa panjira, munthu masabata atatu osamwa kanthu ali phee osauza aliyense. Ndinamufunsa kuti bwanji osanena amwene? Akuti mukanandithamangitsa. Nanga ku kiliniki? Akuti pasipoti inatha masiku ankaopa. Ndinasowa chonena chifukwa mnzathu wothawira panja uja anali atayamba kale kufunsa za chipinda china.

Tinapita naye ku kiliniki ya boma, tinaima pa mzere kuyambira m'bandakucha, ndipo anesi amene tinawapeza atamva za supuni anagwira m'mutu. Anati munthu sangameze lilime lake, n'zosatheka, supuni imangothyola mano kapena kumutsamwitsa. Chofunika n'kuchotsa moto, mipeni ndi mipando pafupi, kumuika chovala chofewa kumutu, osamupanikiza manja ndi miyendo, kuphupha kukaleka kumugoneka cham'mbali kuti malovu azituluka, komanso osamumwetsa madzi kufikira atatsitsimuka bwinobwino. Ndipo uziyang'ana nthawi pa foni. Nthawi zambiri zimatha zokha pa mphindi imodzi kapena ziwiri, koma zikapyola mphindi 5, kapena wagwanso asanatsitsimuke, kapena wavulala, kapena ndi mayi woyembekezera, imbani ambulansi, kuno ndi 10177 kapena 112 pa selefoni. Ife usiku uja palibe anayang'ana wotchi, tinali bize ndi supuni.

Za kuphwisa zija ndi malovu n'zabodza, khunyu sapatsirana. Ubongo umagwira ntchito ndi timauthenga tonga magetsi, ndiye pakakhala chipsera penapake magetsi aja nthawi zina amangobalalika onse nthawi imodzi, kugwa kuja ndi kumeneko. Chipseracho chimatha kubwera ndi malungo a mu ubongo ngati mphwangayu, matenda oumitsa khosi, kuvutika pobadwa mwana n'kuchedwa kupuma, kumenyeka m'mutu pa ngozi ya galimoto kapena kugwa pa sikafodi ku konsitirakishoni, sitiroko, ndipo ena chifukwa chake sichipezeka n'komwe. China chimene chinandidabwitsa ine mwana wokulira m'khola la nkhumba ndi masese, timatuza toyera tija topezeka mu nyama ya nkhumba. Ukadya nkhumba ya masese yosapsa bwino umakhala ndi nyongolotsi m'mimba, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndiye mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba kapena ndiwo zosatsuka, tizilombo timakakhazikika mu ubongo. Ndiye kuti ngakhale amene sadya kapado akhoza kudwala ngati wophikayo sasamba m'manja.

Bungwe loona za umoyo la WHO limati padziko lonse anthu a khunyu alipo pafupifupi 50 miliyoni, ambiri mwa iwo m'maiko osauka ngati kwathu, ndipo mpaka 7 mwa 10 aliwonse akhoza kukhala osagwa atamamwa mankhwala oyenera. Ine chiwerengero chimenechi chimandipweteka ndikakumbukira mtsikana wina kwathu amene anagwera pa moto akuphika, anthu anangoima chapatali kuonerera, ndipo pambuyo pake ankati wa khunyu akapsa ndiye kuti sachiranso, anamusiyitsa sukulu. Mbuzi zingati zinapita kwa asing'anga pa nkhani imeneyo, kaya.

Mankhwala sachotsa chipsera, amangogwira magetsi aja kuti asabalalike, n'chifukwa chake kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa kwambiri. Mphwanga atamutumiza ku chipatala chachikulu anamusinthira ku sodium valproate, kuno ambiri amangoti Epilim, ndipo anamuuza kuti asamadumphitse, azigona mokwanira, mowa ausiye, zomwe zinamuwawa kuposa dzino lija. Azichemwali mumve apa, valproate yemweyu amatha kuvulaza mwana m'mimba ndiye ngati muli ndi maganizo a pathupi nenani kwa dokotala musanayambe. Komanso phenobarbitone ndi mankhwala ena a khunyu otchedwa carbamazepine amafooketsa mapilitsi olera ndi ma ARV ena, musabise kuti mukumwa chiyani, ngakhale zikuchititsa manyazi bwanji.

Nkhani ya mapepala sindinganame kuti ndi yophweka, aliyense wa kuno akudziwa mmene mtima umagundira ukamafika pa windo. Ife tinathandizidwa tsiku limenelo, khadi anapatsidwa, mwezi ndi mwezi amakatenga yekha osadikiranso basi yodutsa pa Beitbridge. Abwana ake anawauzanso, ine ndinkati amuchotsa ntchito koma anangomuletsa kukwera makwerero ndi kugwira pafupi ndi swimming pool ali yekha.

Mnzathu wothawa uja sanasamuke, lendi ya Joni inamulangiza. Poyamba anali ndi kapu yakeyake yobisa m'chikwama, pano ndi amene amakuwa 8 koloko ikakwana kuti amwene mwamwa? Hitala tinaisunthira kukona kuseri kwa ndowa. Za dzino ndinalonjeza kuti ndilipira ine, tikudikira bonasi ya Disembala.